Labala Anandidya Manja

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene mawu awa akupezani, kaya muli bwino kaya mwagona pa mphasa. Ine ndine Layisoni, wokonza njinga wa kuno ku Phalombe. Ndikufuna ndikuuzeni za nthenda ya pakhungu imene inandidya manja kwa zaka, inandichotsa pa ntchito, n'kundichotsanso pa banja. Nkhani yanga si yokoma kwenikweni, ndipo sindiithira mchere. Ndikuuzani mmene zinayendera basi.

Ndinabadwira ku Mkhumba, koma ndinakakwatira chikamwini kumudzi wina wa m'mbali mwa msewu wopita ku Chilwa. Akazi anga dzina lawo ndi Elube, ndipo mwana wathu woyamba ndi Linile. Poyamba ndinkapikula matemba kunyanja n'kumakagulitsa m'misika ya m'munsi mwa phiri. Nyanja itauma, zipani zambiri zitangoyamba kumene, geni ija inafera pomwepo. Chimene ndinatsala nacho chinali luso lokonza njinga yanga yomwe, ndiye ndinakhala pansi pa mtengo wa mango pamphambano ndi sipanala, pampu ndi beseni la madzi.

Madzi atabwerera m'nyanja, msewu uja unadzaza njinga. Ena ankadutsa ndi madengu a matemba ndi makumba, ena matumba a mpunga, katundu wolemera pa msewu wa minga ndi miyala. Tsiku lonse ndinkakhalira kumata machubu. Umasolola chubu, n'kuchiviika m'madzi kuti uone potuluka mpweya, n'kupala, n'kupaka sulushoni ndi chala, kenako chigamba chodula ku chubu chakale. Machubu otheratu ndinkawang'amba malegeni omangira katundu, ndipo anthu ankawalimbirana. Ntchito imeneyi inandimangitsa nyumba ya njerwa ndi malata pamudzi pa akazi anga. Apongozi ankandinyadira, amvekere mwana wawo anapeza mwamuna wa manja.

Kuyabwa kunayambira pakati pa zala. Kenako kunatuluka timatuza ting'onoting'ono, tothithikana ngati mazira a nsomba, tikaphulika n'kumachucha madzi. Pouma, khungu linkakhakhala n'kung'aluka m'mizere ya m'zikhatho, moti ndikati nditambasule dzanja magazi ankatuluka. Kuyabwa kwake sindingakufotokoze bwino. Ndinkakanda ndi chitsononkho, ndinkakhuza manja pa khungwa la mango uja, ndipo nthawi zina ndinkawaviika m'madzi otentha kuti ululu uphe kuyabwa.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anati ndi mphere. Anandipatsa mankhwala oyera amadzimadzi oti tidzole banja lonse, ndipo m'ming'alu muja ankalowa ngati tsabola. Ulendo wachiwiri anati mwina ndi zipere. Ulendo wachitatu manja anali atachita mafinya, anandibaya jekeseni, mafinya anauma koma kuyabwa kunatsala. Sindiwada anthu amenewa, chifukwa mzere unkakhala wautali ndipo aliyense ankaonedwa mothamanga. Kungoti palibe anandifunsa kuti manja amenewa amagwira chiyani kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Kumudzi aliyense anali ndi nzeru yake. Anati ndi chiwengo cha zakudya, ndiye ndinasiya mlamba. Zitapitirira ndinasiya nkhumba, kenako mazira, kenako therere, mpaka kalongonda amene ndinakula naye. Ndiwo zanga zinatsala masamba owiritsa, ndipo thupi linayamba kutsika. Amalume awo a Elube, a Mulipa, amene analinso nkhoswe yathu, anandiperekeza kwa sing'anga wina kuseri kwa phiri. Iye anati wina wandichitira nsanje, nanditema mphini m'mikono, koma ndinabwerako ndi mikono yotupa basi.

Kasitomala wanga wina amene ankagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Mulanje anandimvera chisoni. Anandibweretsera magolovesi akuda a labala, aja amavala opopera mankhwala, nati ndizivala kuti gilizi ndi fumbi zisamalowe m'zilonda. Ndinamuthokoza ndi mtima wonse. Ndinawavala sabata yathunthu, thukuta lili chuchuchu m'kati. Pofika kumapeto a sabatayo matuza anali atakwera mpaka pamene golovesi ankathera, ndipo povula khungu linkatsalira m'kati mwake. Ndinangoti nthenda yakula, osadziwa kuti ndinali kudziveka moto ndekha.

Nthawi imeneyo mayi anga anadwala kwambiri ku Mkhumba. Ndisananyamuke, abusa ndi akulu ampingo anandisanjika manja pamutu n'kundipempherera. Ndinakadwazika mayi mpaka anatisiya, ndipo ndinakhalabe komweko kudikira mwambo wometa. Masabata onsewo sindinagwire njinga ya munthu. Manja anauma, nkhanambo zinagwa, pansi pake panatuluka khungu latsopano losalala. M'mapazi mokha ndi m'chiuno ndi mmene munkayabwabe, koma zimenezo sindinazilabadire.

Nditabwerera, Lamulungu loyamba ndinaimirira m'tchalitchi n'kukweza manja m'mwamba kuti onse aone. Ndinati Yesu wandichiritsa. Amayi anaimba nthungululu, Elube analira ndi chimwemwe, abusa anatsogolera nyimbo yoyamika. Lolemba ndinabwerera pa mango paja. Lamulungu lotsatira ndinalowa m'tchalitchi momwemo manja atakulungidwa m'nsanza, madzi akudontha, zoipa kuposa kale.

Abale, manyazi a tsiku limenelo anaposa ululu wa zilonda. Titaweruka, mkulu wampingo wina ananditengera kuseri kwa tchalitchi.

"Bambo a Linile, Mulungu sabweza mphatso popanda chifukwa," anatero. "Pali chimene mwabisa. Ululani, mupepukidwe."

Ndinafufuza mtima wanga mpaka pansi. Machimo ndinali nawo monga munthu aliyense, koma chimene ankaganiza iwo sindinachite. Zaka zimenezo maliro anali osatha, ndipo munthu akaonda n'kutuluka zilonda pakhungu, anthu ankangoyang'anana, mawu ake onse ankawadziwa. Ine ndinali woonda, ndinali ndi zilonda, komanso ndinali nditayendapo m'madoko a kunyanja. Kwa anthu nkhani inali yatha. Ena ochepa ankati ndi khate.

Moni wa m'manja unatha. Makasitomala anayamba kukankha njinga zawo kundipitirira, kukamatitsa kutsogolo. Kunyumba anandipatulira mbale yanga, kapu yanga ndi beseni langa losambira m'manja. Elube anali ndi pakati nthawi imeneyo, ndipo ndinkaona mantha m'maso mwake. Atabereka mwana wamwamuna, ndinamutcha Paulo. Tsiku lotuluka m'chikuta ndinatambasula manja kuti ndimulandire, koma apongozi aakazi anaima pakati.

"Muoneni ndi maso, bambo," anatero. "Khungu la khanda n'lofewa."

Ndinabweza manja. Nanenso ndinkaopa kuti ndingamupatsire, ndiye sindinakangane nawo. Elube anasamukira m'nyumba ya mayi ake pamodzi ndi ana, ati mpaka mwana alimbe. Paulo ndinkamuona pamsana pa mayi ake akamapita kumjigo, kamutu kali gwedegwede.

Patapita miyezi a Mulipa anabwera m'mawa wina, nakhala pa khonde la nyumba imene ndinamanga. Sanalankhule mwaukali. Anati ntchito yaima, khasu sindikutha kuligwira, ndipo pamudzi anthu sakugona tulo chifukwa cha ana. "Pitani kwanu mukachire, bambo a Linile. Mukachira, khomo ndi lomweli." Tonse tinkadziwa kuti sankayembekeza kundionanso ndikuyenda. Ndinamanga bokosi la zitsulo pa keliyala. Elube anaima pakhomo pa mayi ake atagwira pakamwa, Linile akumukoka chitenje.

Ku Mkhumba anandilandira achemwali anga, Aginesi, amene amuna awo anali atamwalira kale. Iwo sanandipatulire mbale. Ankanditsuka zilonda ndi madzi a mchere, akung'ung'udza nyimbo za Chilomwe zimene mayi ankaimba. Koma ndinafika pa nthawi yoipa, chifukwa chaka chimenecho ndi chija cha njala yaikulu. Makaka, chinangwa chouma chija, anatha, gaga anasowa, anthu anayamba kukumba zitsa za nthochi. Kuti ndisakhale mtolo, ndinkamata chubu cha aliyense wobwera, manja ali m'nsanza, kusinthana ndi kambale ka gaga kapena chinangwa. Choncho zilonda sizinapole ngakhale pang'ono.

Mvula ili pakati, kunabwera uthenga woti Paulo wamwalira. Anatsegula m'mimba, ndipo kathupi kake kanali kofooka kale ndi njala. Ndinayenda wapansi kupita kumaliro chifukwa zogwirira njinga sindinkatha kuzifumbata. Anandiyalira kachiguduli pandekha, chapatali ndi amuna anzanga. Mwana wanga ndinamuona m'manja mwa anthu ena kuyambira tsiku lobadwa mpaka polowa m'manda. Sindidziwa kuti ankalemera bwanji. Ine ndi Elube tinayang'anana kamodzi kokha.

Nditabwerera kwa achemwali ndinasiya kupita kutchalitchi. Baibulo sindinkalitsegula, ndipo ngakhale ndikanafuna, masamba ake ankamatirira ku zala. Ndinkangokhala kuseri kwa nyumba kuyang'ana phiri, ntchentche zikutera pa nsanza. Aginesi akati, "Achimwene, Muluku alipo," ine ndinkayankha kuti Mulunguyo alipo kwa ena. Kuchira ndinasiya kupempha. Pemphero limodzi lokha ndi limene linkatuluka, ndipo linali lowawa. Ndinkati, Ambuye, ngati mwaganiza zonditenga nditengeni, koma mundiuze kaye chimene chikundidyachi, ndife ndikuchidziwa.

Njala itayamba kutha, anthu akudya zam'munda, tsiku lina masana kunafika bambo wina akukankha njinga yamoto, thukuta lili kamukamu, kumbuyo atamanga bokosi. Tayala lakumbuyo linali litaphwa, ndipo amayi a pamjigo ndi amene anamulozera kwathu. Ndinamuuza kuti zitsulo zotsegulira tayala sindingathe kuzikanikiza, ndiye akanikize yekha ine ndizimuuza pogwira. Anavomera. Chubu chitatuluka ndinachitenga, n'kupeza munga, n'kuyamba kupala. Ndikugwira ntchito ndinaona kuti maso ake sali pa chubu.

"Bambo, mungandilole ndione manja anuwo?" anafunsa.

Ndinakana, ndinati ndi zonyansa. Iye anati ntchito yake ndi imeneyo, ndi dokotala wa matenda a pakhungu ndi khate, ndipo amazungulira zipatala zing'onozing'ono mwezi ndi mwezi. Anamasula nsanza zija yekha. Kenako anagwira dzanja langa ndi manja ake opanda kanthu, nalitembenuza uku ndi uku, natambasula chala chimodzichimodzi. Kupatula achemwali anga, panali patapita nthawi yaitali munthu asanandikhudze. Ndinayang'ana kumbali kuti asaone misozi.

Anandifunsa kuti ntchitoyi ndinayamba liti, ndipo zilonda zinayambira pati. Anandiuza ndivule patapata. Pamwamba pa phazi lililonse panali mzere wakuda wokhakhala wooneka ngati mphanda, ndendende modutsa malamba a patapata. Anafunsa ngati m'chiuno mumayabwa modutsa lasitiki wa kabudula, ndipo ndinadabwa kuti wadziwa bwanji. Ndinamuuza za magolovesi aja, iye n'kupukusa mutu.

"Chiyambireni, zinayamba zapolapo?"

Ndinamufotokozera za nthawi ya maliro a mayi, ndi mmene zinabwererera. Anafunsa ngati kumaliroko ndinamatako chubu. Ndinati ayi. Pamenepo anati, "Sindikulonjezani kanthu lero, koma ndikuganiza kuti mdani wanu ndi amene mwagwira m'manjayu. Chigambachi ndimaliza ndekha. Kuyambira pano musagwirenso chubu, ndipo patapatayo muvule. Mudzandipeze ku chipatala chachikulu sabata yamawa, tsiku ngati lomweli."

Atapita ndinaseka kuseka kowawa. Chubu? Anzanga onse okonza njinga ankagwira machubu tsiku ndi tsiku, manja awo ali bwinobwino. Ndinali nditatopa ndi mayina a matenda, ndipo ndinauza achemwali kuti sindipita. Anatenga patapata wanga n'kumuponya padenga, bokosi la zitsulo n'kukalitsekera kwa anansi. Tsiku litakwana anaphika mbatata, nazimanga m'kansalu, naima pakhomo mpaka ndinadzuka.

Kuchipatala dokotala uja anayamba ndi kundiyeza khate. Ananditsinzinitsa, namandikhudza ndi kathonje m'malo osiyanasiyana kuti ndizinena pamene ndamva, nafinyanso mitsempha ya m'zigongono. Anati khate palibe. Kenako anandifunsa ngati ndingalole kuyezetsa magazi, popeza ndi chimene chinkandivutitsa mumtima. Ndinaopa kwambiri, koma ndinalola. Zotsatira zitatuluka anandiuza kuti kachilombo sanakapeze, ndipo anawonjezera kuti ngakhale akanakapeza, moni wa m'manja kapena mbale sizikanapatsira munthu. Anandipatsa mapiritsi opha mafinya ndi kachubu ka mankhwala opaka, nati ndibwerenso khungu likatsitsimuka kuti atsimikize chimene ankaganiza.

Nditabwerera, manja anali atayamba kuuma. Anadula tizidutswa tating'ono: ka chubu, ka tayala, ka lamba wa patapata, ndi kansalu kopaka gilizi. Anatimata pamsana panga ndi pulasitala, kalikonse pamalo pake, nati ndisasambe kumsana ndipo ndisakande kwa masiku awiri. Ine ndi achemwali, amene anandiperekeza, tinagona kumalo a odikirira odwala. Tsiku lachiwiri lisanathe, msana unali utayamba kuyabwa kuyabwa kuja ndinkakudziwa bwino. Atamatula anaitana achemwali kuti aone. Aginesi anati pamene panali chubu, tayala ndi patapata patupa n'kutuluka timatuza tofanana ndi ta m'manja, koma pa gilizi palibe kanthu.

"Ndi chiwengo, anthu sananame," anatero dokotala. "Koma si cha mlamba kapena mazira. Labala ndi amene amakuwengani. Popanga labala amasakanizamo mankhwala ena, ndipo thupi lanu, litawakhudza zaka zambiri, linafika podana nawo. Anzanu angagwire moyo wawo wonse osamva kanthu, koma inu ayi. Sichipatsirana. Si ufiti, ndipo si chilango."

Ndinafunsa kuti mankhwala ochotseratu chiwengocho ndi ati. Anati kulibe. Zilonda zipola, koma thupi silidzaiwala, ndipo tsiku lililonse ndikadzagwira labala zidzabwerera.

"Nanga ntchito yanga?"

"Chubu musadzachigwirenso, bambo."

Abale, ndinapempha kuti ndidziwe chondidya, ndipo Ambuye anandiuza. Koma tsiku limenelo sindinaimbe. Ndinatuluka n'kukhala pansi pa mpanda wa chipatala ngati munthu woferedwa kachiwiri. Luso lokhalo limene ndinali nalo ndi limene linali poizoni wanga. Ndinaganiza za zakudya zimene ndinadzimana pachabe mpaka kuonda, za magolovesi, za machubu amene ndinamata pa njala kuti ndipeze gaga. Zonse zimene ndinachita pofuna kudzipulumutsa zinkangondikankhira m'dzenje.

Ndipo labala, mukayamba kumuthawa, ndi pamene mumaona kuti ali paliponse. Mpini wa khasu wong'aluka tinamanga ndi legeni. Chitseko chinkatsekedwa ndi legeni. Ndowa yotungira pachitsime chingwe chake chinali cha tayala. Tinachotsa zonsezo mmodzimmodzi. Kabudula ndinayamba kumanga ndi chingwe cha nsalu, nsapato ndinapeza zachikopa pa kaunjika n'kumavala ndi masokosi, zogwirira njinga yanga tinazisolola n'kukulungapo nsanza. Mankhwala opaka aja anati ndizipaka pang'ono, pa zilonda pokha, ndipo zikapola ndisiye. Sopo wochapira zovala anandiletsa kusambira, nati ndikasamba m'manja ndizidzola mafuta oyera opanda fungo kuti khungu lisaume. Ndinayambiranso kudya zonse. Mwezi usanathe ndinatha kufumbata dzanja osatuluka magazi.

Dokotala uja anati akufuna aonane ndi akazi anga. Ine ndinalibe nkhope yokawaitana, ndiye Aginesi ndi amene anapita kukawaitana. Tsiku limene dokotala anafika pa chipatala chaching'ono cha kufupi, Elube anabwera. Anali ataonda, chitenje chikumuzungulira kawiri. Anayang'ana manja anga nthawi yaitali koma sanawagwire. Tinalowa tonse, ndipo dokotala anamufotokozera zonse pang'onopang'ono, monga anachitira ndi ine. Elube anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Adokotala, ndiye kuti mwana uja akanatha kumunyamula?"

Dokotala sankadziwa za Paulo. Anayankha mosavuta kuti, "Inde mayi, popanda vuto lililonse."

Elube anatsetsereka pa benchi n'kukhala pansi pa simenti. Analira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda, mpaka anamwino anasuzumira pakhomo. Ine ndinagwada pambali pake. Ndinaika dzanja paphewa pake, ndipo sanalichotse.

Ankhoswe anakumana, ndipo ndinabwerera kumudzi kwa akazi anga. Musaganize kuti zonse zinabwerera m'malo mwake. A Mulipa anati iwo anachita zimene aliyense akanachita, ndipo mwina sananame. Apongozi aakazi anapitiriza kundipatulira mbale mpaka tsiku limene anamwalira. Mkulu wampingo uja amandipatsa moni wa m'manja tsopano, koma za kuseri kwa tchalitchi zija sanazitchulenso. Mwana wina Ambuye sanatipatse. Kamunda kathu ka chimanga ndi nandolo n'kakang'ono, sikangatidyetse chaka chonse, ndipo kwa miyezi ndinkangokhala pakhomo ndi manja osalala opanda chogwira.

Tsiku lina Elube anatulutsa bokosi la zitsulo lija n'kuliika patsogolo panga.

"Bambo a Linile, chimakuwengani ndi labala. Nanga chitsulo?"

Ndinati chitsulo ayi.

"Ndiye ndiphunzitseni kumata. Ine ndizichotsa matayala ndi kumata machubu, inu muziwongola malimu ndi kukonza matcheni."

Ndinamuuza kuti anthu adzatiseka, pakuti mkazi womata chubu kuno sanaonekepo. Iye anati anthu anatiseka kale, chatsala n'chiyani. Ndinamuphunzitsa nditaika manja kumbuyo, ndikulozera ndi mlomo. Zigamba zake zoyamba zinkamatuka njinga isanafike patali, ndipo amuna ena ankaima pamphambano kungofuna kuonerera. Ena mpaka lero amatipitirira, ati njinga yawo singagwiridwe ndi mzimayi. Koma ambiri anazolowera. Iye amakhala mbali ina ya mtengo ndi beseni lake, ine mbali ina ndi masipoko anga, ndipo akamaliza amasamba m'manja bwinobwino tisanadye. Dokotala anatiuza kuti naye tizimuyang'anira, ndiye madzulo alionse ndimaona pakati pa zala zake. Mpaka pano Ambuye amusunga.

Ine chiwengo ndikadali nacho. Ndikaiwala n'kukoka legeni pa katundu wa munthu, mawa lake timatuza tabwera, ndipo ndimayambiranso kupaka mankhwala. Zimene timapeza n'zochepa poyerekeza ndi kale. Manda a Paulo ali kumapeto kwa mudzi, ndipo pali masiku ena amene ndimadzuka ndi funso loti, Ambuye, munga uja bwanji sunalase tayala lija chaka chimodzi m'mbuyo? Yankho sindinalandire, ndipo sindikunamizani kuti ndinalandira.

Komabe ndikuthokoza. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya, amene anali atasiya ngakhale kupita m'nyumba yake. Ndikuthokoza chifukwa cha Aginesi, amene anakhulupirira m'malo mwanga pamene ine ndinalibe mphamvu. Ndikuthokoza chifukwa cha dokotala uja, amene anasamutsidwa kalekale ndipo sindidziwa kumene ali, ndiponso chifukwa cha Elube, amene anabwera.

Inu amene khungu likukusautsani, makamaka omanga ndi simenti, opaka utoto, opopera mankhwala m'minda, okonza tsitsi ndi anzanga a njinga, mukapita kuchipatala musangoonetsa zilonda. Nenani chimene manja anu amagwira, ngakhale asakufunseni. Nenaninso ngati zimapola mukapuma ntchito. Akakupatsani mankhwala osathandiza, bwereraninso, ndipo funsani tsiku limene amabwera a khungu. Inu a mumpingo, munthu akadwala musathamangire kumufunsa tchimo. Kaya ndi chiwengo, kaya ndi khate, kaya ndi kachilombo kamene kanatenga abale athu ambiri, khalani naye pafupi, mudye naye.

Ndipo iwe amene wafika potopa, amene pemphero lako latsala mawu awiri owawa, usaleke kuwanena. Mulungu sanyansidwa ndi pemphero lotero. Mwina sadzakubwezera zonse zimene wataya, monga ine sanandibwezere. Koma dzuka mawa, usambe, udye chimene chilipo, ndipo wina akagogoda pakhomo umutsegulire. Ambuye akusungeni nonse kufikira tsiku limene adzatipukuta misozi ndi dzanja lake. Ameni.